Ababa ndi mapaipi okwiririka

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Mzuzuko. Kuno ku Nsanje tilipo, kungoti miyendo ya ababa yatupanso.

Sabata yatha kunabwera anthu a ku ofesi ya madzi. Amati akulephera kupeza mapaipi amene anakwiririka ndi mchenga madzi atasefukira, ndipo mwa onse amene anawayala kalelo, atsala ndi ababa okha. Ndinawaletsa ababa kupita nawo, koma anangotenga ndodo yawo. Anayenda padzuwa masiku atatu akuloza pokumba.

Tsiku lachiwiri ndinawatsatira n'kuwapempha kuti, "Ababa, alozereni kaye paipi yobwera kwathu."

Iwo anati, "Mwanawe, kuchipatala azimayi akuchira popanda madzi. Ife tidikire."

Lachisanu, pamsonkhano wawo wa pachaka, bwana wa ofesiyo anawerenga madera amene alandira madzi chaka chino, anthu n'kuwomba m'manja. Dera lathu akuti chaka chamawa, monga ananenera chaka chatha. Dzina la ababa silinatchulidwe n'komwe. Pobwerera kumsonkhanoko, ababa anaima pampopi wa kuchipatala, anasamba kumaso, n'kumwetulira okha.

Ine ndikutungabe kumjigo wa madzi amchere uja, ndipo msana ukundipweteka. Ababa sindinawakwiyire ayi, ndangotopa.

Chonde atumizireni nsapato zofewa. Muwaimbirenso foni, muwafunse za mapaipiwo, chifukwa ine ndilibe mphamvu zowayamikira.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati