Nyanga ya a Oddny Yayera

Aphungu,

Ndimawerenga malangizo anu m'nyuzi. Mundikhululukire kalembedwe kangaka. Sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, tsiku limene bambo anga anandiponyera nsapato zamphira n'kunena kuti m'boti mwaperewera munthu. Chiyambire pamenepo manja angawa anazolowera chingwe ndi mpeni, cholembera ayi. Kalatayi ndinaiyamba Lolemba, lero ndi Lachinayi. Ndiye mundilole ndifotokoze mwapang'onopang'ono, poti kuthamanga ndi nkhani ine sinditha.

Ndili ndi zaka 78. Akazi anga, a Oddny, anatisiya mu Epulo chaka chino. Anandisiyira nyumba, ketulo yodontha, ndi thanki yagalasi ya madzi amchere imene ili pabalaza, yotalika ngati munthu atatambasula manja. Muli tinsomba tinayi ndi makorali, zamoyo zija zooneka ngati timitengo tamwala zimene zimamera m'nyanja zofunda. Ine ndapha nsomba zaka makumi asanu, ndipo zoweta nsomba ndinkaziona ngati misala. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, “Mayi, nsomba yosadyedwa ndi ya ntchito yanji?” Iwo osatembenuka n'komwe anati, “Nanga inuyo mumadyedwa? Bwanji ndakusungani zaka zonsezi?”

Pakati pa thankiyo pali korali amene ankamukonda kuposa onse. Anamutcha Nyanga, chifukwa nthambi zake zili ngati nyanga za mphalapala. Anakaitenga ku Tromsø zaka khumi ndi zinayi zapitazo ili kachidutswa kosaposa nsonga ya chala. Anakaika m'fulasiki ya khofi, fulasikiyo n'kuifungatira m'jekete ulendo wonse wa pasitima yapamadzi kuti kasazizidwe. Lero Nyanga yakula moti simungaiphimbe ndi zikhato ziwiri. Inali yofiirira ngati khofi wamkaka, nsonga zake zabuluu.

Ankaisamala ngati khanda. Kuno kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, m'miyezi imene dzuwa limakana kulowa usiku wonse, ikangokwana eyiti koloko madzulo ankatseka makatani n'kukuta thanki ndi bulangeti lotuwa. Ine ndinkawaseka kuti, “Kodi nsomba zanuzo zayamba kumva chisanu?” Iwo ankangoti, “Alekeni agone. Si a kuno awa.” Ndinkangoti ndi zachikazi, n'kupitiriza kumwa khofi wanga.

Ali m'chipatala anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Tinsomba tikafa mudzagula tina. Koma Nyanga musandiphere.” Ndinavomera. Ndinaphunzira kusakaniza mchere, kusintha madzi, ndi kupukuta galasi, ndipo mpaka Okutobala zonse zinkayenda.

Mu Okutobalamo nyali za pathanki zinatha. Anali machubu anayi aatali, akalekale. Imodzi inayamba kuphethira, kenako inazima, inzake n'kutsatira. Ndinaimba lamya kusitolo ya ku Alta, ndipo mayi wa kumeneko anati masiku ano anthu akugula nyali zamakono zotchedwa LED. Ananditumizira imodzi. Inabwera ndi kabuku ka zilembo zing'onozing'ono ngati mazira a nsomba, kamene ndinakalephera. Nyaliyo ili ndi mabatani awiri opotokola, lina la kuwala kwabuluu, lina la kuwala koyera, lililonse ndi manambala ofika 100. Palinso kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa kokha.

Nditaika mabatani onse pa 50, m'thanki munkaoneka mwamdima m'maso mwanga, buluu wokhawokha ngati masana a Disembala. Ndinati ayi, zamoyozi sizingakhale m'chimbuuzi chotere. Ndinapotokola onse awiri mpaka pa 100, nyaliyo n'kuitsitsa kufupi ndi madzi.

Kenako inafika nyengo yamdima, miyezi imene dzuwa silituluka n'komwe kuno. Chaka chino inandivuta kuposa zaka zonse, poti m'nyumba munalibe wondiuza kuti dzukani. Adokotala anandipatsa nyali ina yowala kwambiri, yoti ndizikhala patsogolo pake theka la ola m'mawa uliwonse. Aphungu, inandithandizadi. Ndinayambanso kumeta ndevu ndi kuphika. Ndiye ndinaganiza kuti ngati ine wobadwira kuno mdima ukundifoola chonchi, kuli bwanji mlendo wochokera kudziko la dzuwa? Ndinazula kawotchi kaja. Ndinayamba kuyatsa nyali ya pathanki ndikangodzuka sikisi koloko, n'kumaizimitsa pokagona teni koloko.

A Halvard, mnzanga woyandikana naye nyumba amene tinkayenda boti limodzi, anabwera kudzamwa khofi. Atangolowa anatchinga maso ndi chipewa n'kunena kuti, “Aise, ukufuna sitima zizikocheza pakhomo pako? Zenera lako likuwala kuposa nyali ya padoko!” Ndinati, “Iwe mphaka wako anathawira kwa abusa chifukwa cha njala, ndiye uzindiphunzitsa zoweta?” Tinaseka. Sabata yoyambayo Nyanga inkaoneka yokongola kuposa kale, mtundu wake wowala ngati yapakidwa utoto, ndipo ndinadzitama mumtima.

Sabata yachiwiri nsonga zinayamba kutuwa. Lero, patatha sabata zinayi, kumtunda konse kwayera mbee ngati fupa lotoledwa pagombe. Kunsi kokha, kumene nthambi zimaphimbana, n'kumene kwatsala kofiirira. Ndikavala magalasi a a Oddny n'kuyandikira, ndimaona titsitsi ting'onoting'ono tikutulukabe pa nthambi zoyerazo, makamaka ndikaponya chakudya. Ndere zobiriwira nazo zikumera pagalasi mofulumira, ndikupukuta tsiku ndi tsiku.

A Halvard atabweranso anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, “Yatuwa ngati ife tonse mu Disembala. Ikusowa dzuwa imeneyi. Ithirire supuni ya mafuta a chiwindi cha nsomba.” Za mafutazo ankaseleula, koma za dzuwazo zandikhala mumtima. Ndikuganiza zotenga nyali ya adokotala ija ndiiike pambali pa thanki, kapena ndigule LED yachiwiri.

Mwana wanga Torill, amene amakhala ku Bergen, anaimba Lamlungu. Anati, “Ababa, musadzizunze. Ku Alta kuli bambo wina woweta makorali, ndalankhula naye. Ndikabwera pa Khirisimasi tikamusiyire.” Ndinamuyankha kuti, “Amayi ako sanasiyire bambo wa ku Alta.” Iye anati, “Sanakusiyireninso kuti ifere m'manja mwanu.” Mawuwa anandilasa, chifukwa ndi oona.

Ndiye ndikufunseni, Aphungu. Kodi Nyanga yafa kale? Ngati ikadali moyo, ndionjezere kuwala kochuluka bwanji? Kapena ndingovomera kuti manja opha nsomba sangasunge chamoyo, ndiipereke?

E.J., Honningsvåg

Bambo E.J.,

Ikani kaye nyuziyi pansi. Pitani pathanki, batani la buluu mulibweze pa 30, loyera pa 10. Ndikudikirani.

Mwabwerako? Khalani pansi tsopano tikambirane.

Nyanga sikusowa kuwala. Yapsa nako. M'thupi la korali mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, ndipo ndi zimene zimamupatsa mtundu ndi chakudya. Kuwala kukachuluka modzidzimutsa, korali amazilavula nderezo, n'kutsala woyera ndi wanjala. Umboni mwaupereka nokha: kofiirira kwatsala kunsi, pamthunzi. Kukanakhala kusowa kuwala, kumtunda kukanakhala ndi mtundu, ndipo Nyanga yonse ikanadera, osati kuyera.

Yafa? Ayi. Titsitsi timene mukutiona ndi magalasi a malemuwo ndi pakamwa pa koraliyo, ndipo wakufa satulutsa pakamwa. Nthambi yakufa imakhala mwala wokhakhala, ndipo pakapita masiku ochepa ndere zobiriwira zimaikuta. Yanuyo ikudwala kwambiri, koma ili moyo.

Musadzione ngati chitsiru. Anthu ophunzira kwambiri awotcha makorali awo mwa njira yomweyi. Machubu a a Oddny anali atatha mphamvu ndi ukalamba, ndipo Nyanga inazolowera kuwala kofatsa. LED imalasa pansi ngati muvi, ndipo buluu amene diso la munthu limamuona ngati mdima, kwa korali ndi dzuwa la paliwombo. Maso anu si muyeso pankhaniyi. Inu munaipatsa moto wonse, munaiyandikizira, kenako n'kuionjezera maola mpaka 16.

Tsopano chitani izi. Bwezeretsani kawotchi kaja lero lomwe, kaziyatsa teni koloko m'mawa n'kuzimitsa sikisi koloko madzulo. Maola asanu ndi atatu, osaposa. Nyaliyo muikweze, pakati pa iyo ndi madzi pakhale masentimita 30. Mukatero manja m'thumba kwa mwezi wathunthu. Nyanga musaisunthe, musaikwechese, musasinthe mtundu wa mchere, musathire mankhwala alionse amene wina angakuuzeni kuti amabwezera mtundu. Madzi azikhala pa madigiri 25 kapena 26, ndipo muzisintha pang'ono pokha monga mwakhala mukuchitira. Kawiri pa sabata muziiwaza chakudya chosalala cha makorali, kachidutswa konga mutu wa machesi, chifukwa popanda ndere zake ikudalira inu. Mukachulutsa muipitsa madzi.

Lamlungu lililonse pa ola lomwelo muziijambula chithunzi. Munthu woyang'ana tsiku ndi tsiku saona kusintha, ndipo akapanda kuona, dzanja limathamangira kubatani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtundu woyamba kubwerera udzakhala wofiirira wosasangalatsa, ngati khofi wa dzulo. Mukadzauona, kondwerani. Buluu wa kunsonga amabwera pambuyo, mwina patatha miyezi itatu. Mwezi ukatha ndipo kufiirira kukayamba kukwera, muzionjezera 5 yekha pa batani la buluu sabata iliyonse. Mukaona kutuwa, bwererani pamene munali. N'kutheka kuti simudzafunika kupyola 50.

Sindikunamizani, nthambi zina zakumtunda mwina zitayika. Ndipo mukadzaona khungu likusendeka pa nthambi ngati pepala lonyowa, musadikire. Thyolani kanthambi kamoyo kakunsi, mukaike pa mwala wakewake pamthunzi, kuti mbewu ipulumuke.

Bambo wa ku Altayo musamuone ngati wolanda. Anthu oweta makorali ambiri amakhala ndi kachipangizo koyezera kuwala m'kati mwa madzi. Muimbireni, mumupemphe akubwerekeni kapena abwere nako, ndipo akuthandizeninso kuyeza madzi. Torill naye sakukunyozani. Akuopa kuti Nyanga ikafa, bambo ake aferanso limodzi nayo mumtima. Mumutumizire zithunzi za Lamlungu lililonse. Akabwera pa Khirisimasi mumuuze kuti thanki sikuchoka, koma Nyanga ikachira mudzathyolako kachidutswa kosaposa nsonga ya chala kuti kakakule ku Alta. Fulasiki mukuidziwa, jekete muli nayo. Umu ndi mmene inabwerera, ndipo korali wokhala ndi makomo awiri safa ndi ngozi imodzi.

Nyali ya adokotala ndi yanu, ndipo musaisiye. Muziiyatsira kukhitchini, chitseko cha pabalaza chili chotseka. Mafuta a chiwindi cha nsomba mupatse a Halvard, supuni ziwiri.

Chenjezo langa n'lakuti adani a Nyanga ndi awiri, chifundo chanu ndi dzuwa lathu lakunoli. Inu munaona kuti chimene chakudzutsani inu chidzutsanso iyo, koma kwawo kwa makorali kulibe nyengo yamdima, kulibenso dzuwa lochezera. Usana ndi usiku zimagawana pakati chaka chonse. Dzuwa likadzasuzumira kumapeto kwa Januwale, tulukani mukalilonjere ndi a Halvard, mudye mabanzi olandirira dzuwa monga mwa mwambo wathu, koma mabatani musawakhudze pokondwerera. Ndipo Meyi asanafike, funafunani bulangeti lotuwa lija. Muzikuta nalo thanki m'mbali mokha, pamwamba pazipita mpweya, ikangokwana eyiti koloko.

Malangizo onsewa ine ndawatalikitsa chabe. A Oddny anakuuzani kale inu mukumwa khofi: alekeni agone, si a kuno awa.

Aphungu