Dzina la Kibroti Hatava ndi Nsalu ya Malemu Callista

Msonkhano wa komiti ya gulu la mapemphero la Amalawi ndi Azambia, Doha

Tsiku: Lachisanu, 16 Okutobala 2020
Malo: Chipinda cha wapampando, Umm Ghuwailina, aliyense atavala masiki
Opezekapo: a Stanislaus Zulu (wapampando), a Grayson Mbewe (oyambitsa gulu), a Mavis Sakala, a Felister Nkhoma (mlembi)
Opepesa: a Deborah Tembo, omwe mabwana awo ku Nuaija sakuwalola kutuluka chiyambire mliri

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero. Zolembedwa za msonkhano wapitawu zinavomerezedwa.

2. Dandaulo la a Mavis

Wapampando anakumbutsa komiti kuti a Callista, ang'ono awo a Mavis, anamwalira ndi korona mu Julayi ndipo anaikidwa konkuno chifukwa ndege sizinkayenda. Pofuna kutonthoza amayi awo ku Katete, gulu linawatumizira nsalu yathu yolembedwa dzina la gulu, Kibroti Hatava.

A Mavis anati mkulu wa mpingo wa kumudziko ataona nsaluyo anatsegula Numeri 11 n'kuwawerengera amayi. Dzinali ndi la Chiheberi, ndipo limatanthauza manda a anthu osusuka. Ndi malo a m'chipululu pamene Aisraeli analirira nyama, Mulungu n'kuwatumizira zinziri, kenako mliri n'kuwakantha nyama idakali m'kamwa, n'kuikidwa pomwepo. Tsopano mudzi wonse ukuti Callista anatsata ndalama kuchipululu, ndipo anzake omwe alemba pansalu kuti anafa ndi dyera. Amayi asiya kupita kutchalitchi chifukwa cha manyazi.

"Mng'ono wanga amatsuka ma-toilet ku hotela, double shift, kuti amayi adye," anatero a Mavis. "Dyera lake lili pati?"

3. Kumene dzinali linachokera

A Grayson anafotokoza kuti poyambitsa gulu anasala kudya, anatseka maso, anatsegula Baibulo n'kuloza ndi chala. Chalacho chinagwera pa Numeri 33, pa mayina a malo amene Aisraeli ankamanga misasa. Tanthauzo panalibe, koma dzinalo linkamveka lolemera, ndipo ifenso ndife apaulendo m'chipululu. Anaumirira kuti chala chawo chinatsogozedwa ndi Mzimu.

Mlembi anafunsa ngati Mzimu womwewo unawaletsa kubwerera m'mbuyo masamba angapo, ndipo anawonjezera kuti safunsa anadya phula, koma ife phulalo tadyetsa mayi woferedwa. Wapampando anati mawuwa asalembedwe. Alembedwa.

"Zaka zonsezi mwakhala mukuvina nayo nsaluyi," anatero a Grayson, "lero problem ndine?"

A Mavis anayankha kuti povina sankadziwa kuti avala manda m'chiuno. Panali kukwezerana mawu mpaka oyandikana nawo anagogoda khoma.

4. Chigamulo

"Khalas, basi, dzina lichoke," anatero wapampando. Atatu anavomereza. A Grayson anapinda manja.

Komiti inagwirizananso kuti dzina latsopano lidzasankhidwa maso ali otsegula, ndipo kuti a Grayson apepese okha kwa amayi a malemu. Iwo anapempha kuti ayambe apemphererapo. Pempholi linakanidwa, ndipo a Mavis anaimba foni pomwepo, onse tikumva.

A Grayson, omwe polalikira sadziwa kumaliza, anapepesa ndi mawu ochepa. Anati analakwa ndi iwo, ndipo Callista anali mwana wolimbikira ntchito. Amayi anawamvetsera mpaka kumapeto. Anati pamaliro sasungirana mangawa, nsaluyo aitentha, koma ali ndi funso limodzi kwa mwana wawo.

"Iwe Mavis, ine kumandako sindidzafikako. Undiuze zoona. Mwana wanga sanapite nayo nsalu imeneyi?"

Tsiku la maliro, poti sitinaloledwe kuona thupi, komiti ino inapereka nsalu ina yotereyi kwa oika maliro kuti amufunditse, asapite ngati wopanda abale. Anamufunditsa.

"Ayi, amayi," anatero a Mavis. "Anapita ndi yoyera."

Amayi anathokoza Mulungu n'kudula foni. Palibe amene anawakonza a Mavis.

5. Zina ndi zina

Panalibe.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachisanu, 6 Novembala, pamalo omwewa. Wapampando anapempha mmodzi kuti atseke ndi pemphero, koma sanapezeke. Msonkhano unatha 4 koloko masana.

Stanislaus Zulu, Wapampando ____________

Felister Nkhoma, Mlembi ____________