Masiku Khumi a Sokosi

Lachitatu, 12 Juni

Okondedwa bambo a Kachitsa,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo kuwerenga kukuyenda. Jasi yanu yoyera ija ndachapa ndi kusita, batani linachoka lija ndasokerera, kuti Lachisanu mukaime pamaso pa aphunzitsi anu ngati dokotala wa ziweto weniweni. Adalaivala a basi ya teni koloko avomera kukusiyirani pageti. Kalatayi ndiika m'thumba la jasiyo, ndiye pepani zilembo zapendama, ndikulemba mothamanga.

Khalani pansi kaye. Loweruka pafoni paja ndinati tonse tili bwino. Ndinanama. Ndi chifukwa chake ndinadula msanga nkumati mwana akulira. Inu munazolowera kumvetsera ng'ombe ikamapuma nkudziwa pamene pakupweteka, mawu anga mukanawagwira pomwepo.

Lachinayi lapitali galu wanu Sokosi analuma Kachitsa padzanja. Ndinali kuyanika zovala, mwana ali pakhonde, ndinangomva kukuwa. Mwina anamukoka mchira, sindinaone. Mano awiri analowa. Ndipo pali china chimene sindinakuuzeni. Mwezi watha Sokosi anamenyana ndi galu wachilendo kuseri kwa bafa, anabwera khutu likuchucha magazi. Katemera wake uja munati mudzamubaya nokha mukabwera.

Musadzuke pampando. Mverani zimene ndinachita.

Mukukumbuka patchuthi, timakadi tanu tija? Ine ndimakhala pamkeka mwana ali pamiyendo, nkumakuwerengerani mafunso, inu mukuzungulira m'chipinda manja kumbuyo. Mukakhoza ndimakupanani pegi pamalaya, mukalakwa ndimachotsa. Mumaseka mmene ndimatchulira mawu aataliwo, mumati ndikuwathyola miyendo. Koma khadi la chiwewe lija munandimasulira m'chilankhulo chathu kawiri konse, poti ndinachita nalo mantha. Linakhala m'mutu. Kachitsa ndinathamangira naye pampopi, sopo ndi madzi oyenda, ndinatsuka mpaka mkono wanga unachita dzanzi, iye akulira kuitana inu. Kenako ndinamubereka ulendo wa kuchipatala. Anesi atamva zonse anandiyang'ana nkuti, “Mayi, inu mumagwira chipatala chiti?” Ndinati ayi, ine ndinalekeza sitandade sikisi, ndimangogwira makadi. Jakisoni woyamba anamubaya tsiku lomwelo, wachiwiri Lamulungu, wachitatu ndi mawa. Bala likuuma. Akudya, akusewera, thupi silinatenthe.

Pobwera kuchipatala ndinapeza eni nyumba ataima pabwalo ndi mpini, anthu a m'nyumba zinazi atazungulira.

“Galu woluma mwana sagona pano,” anatero.

Ine ndinakaima kutsogolo kwa Sokosi. Ndinati, “Bambo, mukamupha lero tidziwa bwanji ngati anali ndi matenda? Amangidwe masiku khumi, tizimuona. Akawadutsa ali bwinobwino ndiye kuti malovu ake analibe kanthu.”

Iwo anati, “Kodi sukulu ya amuna anu ija ndi yopatsirana?”

Anthu anaseka, koma mpini anautsitsa. Anati masiku khumi okha, ndipo akangoona dovu sadikira munthu. Ndinamumanga ndi tcheni m'kachipinda ka makala, chakudya ndimamukankhira ndi ndodo, mwana sayandikirako. Tsiku likatha ndimapana pegi imodzi pachingwe. Pali mapegi asanu, yachisanu ndi chimodzi ndi ya lero. Lakhumi ndi Lamulungu, pepala lanu lomaliza ndi Lolemba. Ndinati ndipirira ndekha, mudzamve zonse mutamaliza.

Koma dzulo Sokosi sanadye. Lero m'mawanso wangonunkhiza mbale nkutembenuka. Madzi wamwa. Dovu palibe, kamwa akutseka bwino, sakuluma tcheni. Ndikamuitana amagwedeza mchira kamodzi, mutu uli pamiyendo, maso ali kugeti. Kuuwa sanauwe, ndiye sindikudziwa ngati mawu ake asintha. Ndafufuza m'katoni yanu muja, khadi lija mulibe, munapita nalo. Ndikuyesa kukumbukira ngati kukana chakudya kunali pamenepo kapena pa khadi lina, mutu wanga ukungosakaniza. Anesi anati jakisoni akumuteteza Kachitsa, ndisade nkhawa. Ndamva, koma ndikamusambitsa ndimangoyang'ana timabala tiwiri tija.

Ndiye funso langa ndi limodzi. Galu womangidwa angasiye kudya chifukwa chongomangidwa? Pajatu mutachoka mu Epulo anakhalanso masiku awiri osadya, atagona pamene mumavulira nsapato. Ngati ndi zomwezo ndiye matendawo ndikuwadziwa, nanenso mbale ndimangoiyang'ana. Koma ngati ndi chizindikiro, ndiuzeni chochita, ndi ofesi yoti ndikanene asanamugwire eni nyumba. Lembani kuseri kwa pepala lomweli, mupatse adalaivala, adzadutsa pageti panu mawa m'mawa pobwerera.

Pepala lokha libwere, inu ayi. Ndikukupemphani. Tsiku limene ndinayamba kumva kupweteka kobereka Kachitsa ndinakuimbirani ndikulira, inu munasiya mayeso nkukwera basi, ndipo chaka chonse chinabwerezedwa. Anzanu anavala magauni inu mukukhala m'kalasi ndi ana a pambuyo panu. Simunandinenepo ngakhale kamodzi, koma alongo anu mpaka lero akandiona amati, “Awa ndi aja amaitana.” Sindikufuna kuitananso. Mukabwera simudzasintha kanthu, jakisoni ndi yemweyo, masiku ndi omwewo. Ndipo aphunzitsi akakufunsani za chiwewe Lachisanu, muyankhe bwino, musaone nkhope ya mwana. Mungoona ine ndili pamkeka ndi pegi m'manja.

Kachitsa wayamba kunena mawu atsopano. Akapeza sokosi yanu yakale amaiika pachifuwa pa chidole motsanzira inu popima ziweto nkumati, “Puma.” Basi iliyonse ikaima pamsewu amathamangira pazenera. Dzulo anandifunsa kuti adadi ali kuti, ndinati ali kusukulu. Anati, “Alira?” poti iye amaona ana a pafupi akulira popita kusukulu. Ndinati ayi, adadi ndi aakulu.

Nyumba ino ndi chipinda chimodzi koma yakula. Mpando wanu sindinausunthe. Kapu yanu ndimaitsuka ngakhale palibe wamweramo. Muzidya, musamangomwa tiyi, ndipo juzi ija muzivala.

Ndamva hutala, basi yafika pakona. Kachitsa akupereka moni, wadinda chala chake pansipa ndi makala, dzanja labwinolo. Mawa basi ikadzaima ndidzayang'ana dzanja la adalaivala lokha. Kuchitseko chotsikira anthu sindidzayang'anako, ndakhala ndikuyeserera kuyambira dzulo.

Ndine wanu,
Mayi a Kachitsa