Timapepala ta Kulapa ta a Devassy

Lolemba, 12 Meyi 1975

Ndinali kupala kokonati pakhonde pamene Kesavan wopalasa bwato analowa pachipata, ambulera m'khwapa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chiikireni a Devassy m'manda. Iye anali kwa mwana wake ku Kollam, za maliro wangomva dzulo. Analira pang'ono, n'kumwa tiyi, kenako anati:

"Aphunzitsi, akuti amuna anu mwawaika kudzenje la anthu oipa. Zoona? Munthu wolapa chaka ndi chaka ngati uja?"

Ndinati usandiseke Kesavan, iwo sanalape zaka khumi ndi chimodzi, mudzi wonse ukudziwa.

"Mudzi wonse supalasa bwato. Ine ndine Mhindu, koma Lenti yanu ndinaidziwira kwa iwo. Pasaka ikayandikira, m'mamawa, 'Kesava, tsidya.' Ankalowa m'katchalitchi ka tsidya lija, n'kutuluka maso ali psu, kapepala m'thumba. Pobwerera tinkagula mazira a abakha."

Mazira a abakha! Chaka chilichonse ankandiuza kuti a tsidya amakoma kuposa a kuno. Ndinaseka mpaka kokonati anatayikira m'dothi. Kuseka koyamba chichokereni iwo.

Ndilembe bwino kuti mutu ukhazikike. Wolapa Pasaka isanafike amalandira kapepala, n'kukapereka kuparishi yake. Wopanda kapepala akamwalira amaikidwa kukona ya manda, kopanda pemphero, kopanda mtanda. A Devassy analumbira mu 1964, Bambo Lukose, wansembe wa parishi yathu, atawatchula dzina paguwa chifukwa choima ndi okolola mpunga pa sitiraka, kuti bondo lawo silidzagwada pamaso pa munthu ameneyo. Ngati Kesavan akunena zoona, timapepalato tilipo penapake. Sankataya ngakhale tikiti ya basi.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndagwedeza mabuku onse a mapemphero, limodzi limodzi. Mwagwa maluwa ouma ndi chithunzi cha mayi anga. Basi.

Masiku onsewa ndikatseka maso ndimaona chithunzi cha pakhoma la tchalitchi chija: moto, njoka, anthu kukamwa yasa. Ndinachiphunzitsa kwa ana zaka makumi atatu osanjenjemera. Ndawerenga anzeru ambiri okangana ngati motowo uli ndi mathero kapena ayi, ndipo ndinkakonda mikangano yawo ngati masewera. Tsopano m'motomo muli nkhope imene ndimaidziwa. Koma lero, kwa nthawi yoyamba, nkhopeyo yakana kukhalamo.

Madzulo ndinapita kukona kuja. Ndinapeza Eliswa wogulitsa nsomba akuzula udzu pamanda a mwana wake Pappachan, amene anamwa mankhwala a m'munda zaka zitatu zapitazo. Akuti: "Musadandaule aphunzitsi, kuno kulibe phokoso. Mwana wanga wapeza womuuza nkhani zandale." Ndinangotsala pang'ono kumuuza zonse. Ndinadziletsa.

Lachitatu, 14 Meyi

Kwa Bambo Lukose. Akalamba, tiyi amamwa atagwira kapu ndi manja awiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Mayi aphunzitsi, ndipite kwa akuluakulu a mpingo ndi mawu a wopalasa bwato? Ndipo wansembe wa tsidya sangatiuze kanthu, za kulapa sizituluka pakamwa. Bweretsani kapepala."

Ndinafunsa ngati pa tsiku lomaliza nkhosa ndi mbuzi adzazilekanitsa ndi kapepala. Mawu anangotuluka, ine amene sindinayankhepo wansembe chibadwire.

Sanakwiye. Anati: "Tsiku limenelo woweruza si ine. Ine anandipatsa manda okha."

Pobwerera ndinayenda mothamanga ngati mtsikana. Ndatsitsa mabuku a mbiri yakale, a ndakatulo, ngakhale a sukulu. Nyumba yonse fumbi. Palibe.

Lachinayi, 15 Meyi

Palibe. Ndadya phala la mpunga ndili chiimire.

Lachisanu, 16 Meyi

NDATIPEZA!

Zilembo zikupita uku ndi uku. M'mawa ndinakhala pakati pa mulu wa mabuku n'kudzifunsa: munthu wokhala ndi mkazi wowerenga chilichonse, mpaka pepala lokulungira nsomba, angabise kuti chinthu? M'buku limene mkaziyo sangalitsegule ngakhale atamulipira. Ndinathamangira kukachisakasa ka zida. Buku la injini yopopera madzi m'munda, lakuda ndi mafuta. Ndinangoligwedeza kamodzi.

Timapepala khumi ndi kamodzi. Kalikonse ndi chidindo cha tchalitchi cha tsidya. Komaliza ndi ka pa 20 Malichi chaka chino, kali ndi chala chawo chamafuta pakona. Ndinakapsompsona, milomo n'kuda.

Kenako mkwiyo. Zaka khumi ndi chimodzi ndikulira Pasaka iliyonse, ndikuyatsa makandulo, ndikuwachonderera, iwo n'kumangoti, "Rosakutty, kazinga mazirawo asanaonongeke." Mwamuna wamakani inu! Mukanandiuza ndikanathamanga nako kapepala kuparishi tsiku lomwelo, ndipo munkadziwa. Ndiye munasankha kuti Mulungu adziwe, Bambo Lukose asadziwe, ine ndizidya mazira.

Ndinapita kwa Bambo Lukose osasintha n'zovala zomwe. Bambo anayala timapepalato patebulo, n'kutiwerenga kawiri.

"Anawoloka mtsinje kakhumi ndi kamodzi kuti asaone nkhope yanga," anatero. "Nanga ine ndikalape kwa yani?"

Adzadalitsa manda Lolemba. Akuti chaka chikatha tingathe kusamutsa mafupa kupita kumanda a banja, pafupi ndi khomo la tchalitchi.

Panjira ndinamufuulira Kesavan ali pakati pa mtsinje. Anakweza nkhafi m'mwamba, bwato n'kutsala pang'ono kugudubuka, okwera akumutukwana.

Lamulungu, 18 Meyi

Bambo analengeza za timapepala paguwa, ndi pakamwa pomwe paja. Azimayi amene sanabwere kumaliro akundigwira manja. Mlamu wanga akuti iye ankadziwa kale kuti mkulu wake ndi munthu wa Mulungu.

Kalipentala wamaliza mtanda. Ndaugoneka pakhonde, ukununkhira matabwa atsopano, ndipo ndikungotuluka kukauona.

Eliswa anabwera ndi nsomba, sanafune kulowa. "Ndamva aphunzitsi. Ndasangalala, Mulungu akuona. Ndiye achoka eti?" Anakonza dengu pamutu. "Wanga analibe kapepala. Kulemba komwe sankadziwa."

Chimwemwe changa chinachita ngati chapunthwa. Kapepala kandichotsera mantha ine, koma kodi a Devassy anali munthu wina Lachinayi, ndisanakapeze?

Lolemba, 19 Meyi

Tinali ochepa: ine, mlamu, woliza belu, ndi Kesavan kunja kwa mpanda atavula nsalu ya kumutu. Eliswa anaima patali, pansi pa mtengo wa mango.

Bambo anapemphera mapemphero onse amene sanapemphere tsiku lija, osadumpha ngakhale limodzi. Atazika mtanda ndinawauza kuti za kusamutsa mafupa zisiyeni. Munthu amene anaima ndi okolola mpunga sangakondwe kugona pakhomo la tchalitchi anzake ali kuno. Mlamu anayamba kuti "Koma alamu," Bambo n'kumukwezera dzanja.

Anatenga madzi odalitsa. Anawaza pa a Devassy katatu. Kachinayi dzanja linapita patali, madzi n'kugwera pa Pappachan, kenako pa enawo, mpaka kumpanda. Woliza belu anatsokomola.

"Ukalamba," anatero Bambo, osayang'ana munthu. "Dzanja silimveranso."

Eliswa anakhala pansi pomwepo, nkhope m'manja.

Timapepala ndatibwezera m'buku la injini. Kukona kuja tsopano kuli mtanda umodzi ndi manda asanu ndi limodzi, onse onyowa. Mawa ine ndi Eliswa tikazula udzu.