Udzu wa Bambo Ukupesedwabe

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Milange. Kuno tilipo, kungoti amayi akutsokomola.

Mukukumbukira udzu wotuwa wokongoletsa uja bambo anabwera nawo kuchokera ku esiteti tili ana? Ankaupesa ndi zala, masamba ouma n'kuwaunjika pamwala wa pakhomo. Chimwalirireni bambo, palibe waukhudza. Koma Lachiwiri m'mawa ndinaupeza wopesedwa bwinobwino, zouma zili pamwala pomwe paja.

Amayi anangoti, "Asiye, akusamala zawo."

Mwina ndikuganiza mopusa, sukulu yonse ija, koma ndikuopa. Ndikufuna kuuzula. Amayi akuti ndikatero ndathamangitsa bambo, iwonso sakhala pano. Ndiuzeni chochita.

Mulungu akusungeni. Ndikupinda kalatayi ndimpatse wakabaza, wayima pafupi ndi mwalawo. Lero paunjikidwanso zina.

Ndine mng'ono wanu.