Mfuti Yavekedwa Sokosi ya Mdzukulu

A Vlastimil,

Zdenka wachira! Ndi mwana wamkazi, ndipo akuti kukuwa kwake ngati inu. Ndathamangira sitima ya ku Brno, pepani msuzi ndausiya wopanda mchere.

Koma pa masokosi aja ndinalukira mdzukuluyu ndapezapo imodzi yokha. Musavutike kulumbira, ndikudziwa. Inayo mwaveka kamfuti kanu m'kabati yachitsulo muja, ati kasalowe fumbi. Inu akatswiri, amene mumalalikira anzanu kumowa kuti mdani wa mfuti ndi timaulusi ta m'thumba, lero mwaifunditsa ubweya!

Mfutiyo muivule, muipukute ndi kaburashi kanu, muitsekere. Sokosiyo muichape mafuta a mfutiwo achoke, mubwere nayo pa sitima ya masana. Kunjaku kukuzizira, ndipo mwanayu wabadwa ndi mapazi awiri.

Ine gogo mnzanu,
Jarmila