Miimba Pamwamba pa Mawanga

Lolemba, 14 Agosto 2023

Mawanga sanabwere kukhola. Ng'ombe yokhayo imene anandisiyira malemu bambo, bere lake lotopa kale. Anapita nazo ng'ombe kudambo ndi amuna anga, a Geraldo. Akuti anangopatuka pang'ono kukaona bawo. Pang'ono pawo ndimapadziwa ine.

Lachiwiri, 15 Agosto

Tsiku lonse kusaka. Kudambo, m'madimba a mbatatesi, mpaka kumalire. Ngakhale ndowe yake osaiona. Miyendo yatupa. Iwo akuti, "Ibwera yokha, amake Nélia." Ndangowayang'ana, atuluka okha.

Lachinayi, 17 Agosto

Miimba. Itatu m'mawa, masana yoposa khumi, kuzungulira pamwamba pa chigwembe cha kuseri kwa phiri. Umodzi ukaona kanthu, inzake imaonera pa iwo ili kutali. Mbalame zosaoneka bwino, makosi opanda nthenga. Ndinataya mtima.

A Geraldo basi alengeza maliro. Anola mipeni. Mwendo alonjeza anzawo a Sozinho, chiwindi anzawo ena a Romano, matumbo kwa alongo awo. Kugawana ng'ombe yanga asanaione n'komwe. Akuti tipite mawa, ngolo ya a Romano ikabwerako ku Domwe.

A Sozinho nawo nzeru zawo: zotsala tithirepo mankhwala opopera mbatatesi kuti afisi athe. Ndawafunsa kuti miimba ikafera pomwepo, zakufa za m'tchire azidzatola ndi iwo? Chaka chija ng'ombe zinkagwa ndi matenda, zinatiyeretsera dambo ndi mbalame zomwezi, agalu asanakokere zoola kuchitsime. Akuti ndimalongolola.

Madzulo ndakwera pachulu. Miimba siikutsikira m'chigwembe. Yangondanda m'mitengo. Bambo ankati, "Muimba sufulumira pa chinthu chopuma. Ukaona yangokhala, thamanga."

Lachisanu, 18 Agosto

Ndinalawira ndekha. Anzanga kukonza mabasiya oikamo nyama, ine chingwe.

Mawanga ali moyo! Anatsetserekera pansi, potulukira osapaona. Nthiti zonse poyera. Pambali pake kamwana kamphongo, kakuyamwa. Zotsala za pobereka miimba inadya, malo ali mbee, n'chifukwa chake fungo silinaitane afisi mwina. Ina inali chikhalire m'mitengo, kudikira ngati odwala pachipatala. Kamwanako osakakhudza. Ndinakhala pansi n'kulira.

Amuna anafika dzuwa litakwera, ngolo, mipeni, mchere womwe. Mipeniyo anadulira zitsamba potsegula njira. Mabasiya ndinawatumira kumtsinje, ng'ombe imwe. Onse thukuta lili kamukamu.

Pobwerera a Geraldo patsogolo, chingwe m'manja, kuuza aliyense wokumana naye kuti iwo ankadziwa kuti ili moyo. Ndatopa.

Loweruka, 19 Agosto

Kumwamba kuli mbee, miimba yapita kukafuna kwina. Sindinaithokoze n'komwe. Botolo la mankhwala ndabisa.

Ng'ombe ndizipita nazo ndekha kudambo kuyambira lero. A Sozinho anaima pakhola m'mawa, akuti mwanthabwala, nanga mwendo wawo uja? Ndawauza kuti ulipo, uwo ukupita kudambo. Autsate.